Masamba a pa Gwirani

Pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, palibe munthu amene anganene kuti anaonapo a Yesaya Namakhwa akufulumira. Anabwera ali mnyamata kuchokera kwa Mphuka, nayamba ntchito yodulira tiyi ndi chikwanje. Atapatsidwa thalakitala yonyamula masamba kuchokera m'minda kupita kufakitale, anaiyendetsa mpaka imvi zinamera, ndipo ankaiyendetsa ngati mayi wosenza mtsuko wodzaza madzi. Chifukwa chake chinalipo. Tsamba la tiyi likasukusika m'ngolo limaphwanyika, ndipo likaphwanyika limayamba kupsa lisanafike kufakitale. Amayi otchola tiyi, akakwera pangolo poweruka, sankalephera kuwaseka.

"A Namakhwa, titsike tikankhe?"

"Khalani pansi," iwo ankatero, osacheuka n'komwe. "Amene anafulumira ndinawanyamula kale pangolo yomweyi."

Sankanama. A Yesaya anali ndi ntchito yachiwiri, imene palibe anawalemba. Kumalayini, kumene kumakhala antchito a pa esiteti, anthu amachokera m'midzi yosiyanasiyana, ndipo imfa ikagwa amaikana okhaokha. Ngolo yonyamula bokosi inali ya a Yesaya. Ndiwonso ankadula nthambi zaziwisi n'kuziyala chopingasa pamsewu, mzere wina kumtunda, wina kumunsi kwa nyumba ya maliro, kuti wagalimoto achepetse liwiro, wachipewa avule, wanjinga atsike n'kukankha. Anali ndi kayalidwe kawo. Ankayambira mbali imene kuli anamfedwa, kotero kuti matsinde onse a nthambizo ankaloza kunyumba ya maliro. Munthu wa pa esitetipo sankafunsa njira. Ankangoyang'ana matsinde.

M'zaka zimene njinga zamoto za kabaza zinachuluka, a Yesaya anayamba kuyala masamba a anthu osayenera kufa. Ambiri a iwo ankafera malo amodzi. Msewu wochokera kuminda ya kumtunda umatsetsereka pakati pa mitengo ya bulugama, n'kukhota mwadzidzidzi, n'kugwera pa mlatho wopapatiza. Malowo amatchedwa pa Gwirani, chifukwa ndi mawu amene okwera pangolo amakuwa akafikapo. Womaliza amene a Yesaya anamutola pansi pa mlathowo anali Madalo, mwana wa a Magdalena, oyandikana nawo khomo. Anamunyamula okha m'manja, mutu ukulendewera. Kuyambira tsiku limenelo, akamva njinga yamoto ikulira kumtunda ankaleka kutafuna.

Tsono munthu wotereyu anabereka Leah.

Anthu amati mwanayu anatengera mtundu wa amayi ake, koma zimenezo n'kuwachotsera mlandu a Yesaya. Ndiwo ankamukhazika pambali pawo pa thalakitala asanayambe n'komwe sukulu. Ndiwo ankamuuza kuti atseke maso n'kunena ngati injini ikufuna giya ina. Akalondola, ankamunyadira pamaso pa madalaivala anzawo kuti mwana wawo amamva chilankhulo cha chitsulo. Atamaliza sekondale, Leah anakalowa pa galaja ya a Peterson pa boma, nayamba kumasula ndi kumanga mainjini. Kuchokera ku njinga zitatu zakufa anamanga imodzi yamoyo. Ankabwera nayo kumalayini atavala ovololo, atakhala chotangadza ngati mwamuna, pamalo pamene mkazi amakhala cham'mbali atagwira chitenje. Amayi a kutchalitchi anayankhula mpaka anatopa. A Yesaya kutangadzako analibe nako kanthu. Chimene ankachimva ndi kulira kwa injiniyo, ndipo ankadziwa kuti woikwera akuifunsa zambiri.

M'nyengo yachisanu, tiyi akachepa ndipo mathalakitala akupuma, gulu lina la ochita mipikisano ya njinga zamoto la ku Blantyre linapempha misewu ya pa esiteti kwa tsiku limodzi Loweruka. Opikisana ankanyamuka mmodzimmodzi, ulendo wina m'mawa, wina masana, ndipo nthawi za maulendo awiriwo ankaziphatikiza. Atatu oyamba gululo linalonjeza kuwatenga, kuwapatsa njinga zenizeni za mpikisano ndi kupita nawo kumipikisano ya kutali. Kwa mwana wa kumalayini, khomo lotere silitseguka kawiri. Leah anakalembetsa. Anali mkazi yekhayo, ndipo mkulu wa gululo, a Dan, anamuika kumapeto kwa mndandanda kuti, monga ananenera, asatsekere amuna njira.

Lachisanu madzulo dzuwa lisanalowe, Leah anali pakhonde akumanga tcheni cha njinga yake. Amayi ake, a Fainess, amene matenda a shuga anali atawagoneka kwa milungu ingapo, anali pamphasa atafunda. A Yesaya anabwera n'kuima pafupi naye.

"Msewu wawo ukudutsa pa Gwirani."

"Ndauona, ababa."

"Wauona, koma sunatolepo munthu."

Leah anaseka, napukuta manja pa ovololo. "Nanga si ndinu munandiphunzitsa?"

"Ndinakuphunzitsa kufika. Kuthamanga unakakutola kwa Peterson."

"Ndiye mundiuze pamene mumapondera mabuleki, ndikafike mothamanga."

"Usapite. Ndi zimene ndikukuuza."

"Abambo a Leah," anatero a Fainess ali chigonere, "mbalame mwaiphunzitsa nokha kuuluka, lero mukuti iyende pansi ngati nkhanga? Musiyeni mwana."

A Yesaya analowa m'nyumba. Funso la mwana wawo sanaliyankhe. Ankaganiza kuti kumuuza za khona la pa Gwirani kunali kumulola, ndipo kumulola kunali kuyamba kukumba manda.

M'mawa mwake kunagwa chiperoni. Pafupifupi anthu onse a kumalayini anathamangira kubwalo la pafakitale, kumene opikisana ankanyamukira ndi kumalizira. A Yesaya anati mwendo ukuwawa. Malayini atakhala zii, anatenga chikwanje chawo chakale chodulira tiyi, natsata kanjira kochokera kunyumba kwawo kamene kamakatulukira pamsewu, pakati penipeni pa chitsetso cha pa Gwirani.

M'pofunika kunena zimene ankadziuza podula nthambizo, chifukwa sanali munthu woipa, ndipo anthu osakhala oipa sachimwa opanda zifukwa zomveka. Ankati masamba sasankha munthu. Onse adzawaona, onse adzachepetsa liwiro, ndipo palibe adzaposedwe ndi mnzake. Ankati sakunamiza aliyense, popeza pamalopo panafadi anthu. Ankatinso ndi bwino kuyala masamba mwana ali moyo kusiyana ndi kuwayala madzulo ake. Mfundo yomalizayi inali yamphamvu kwambiri, kotero kuti inaphimba funso limene akanayenera kudzifunsa: mwa anthu onse okwera njinga tsiku limenelo, ndani anakulira pa esiteti pano?

Anayala mzere wina pamwamba pa chitsetso, wina kutsidya kwa mlatho. Mutu unali pa Leah, ndiye manja anagwira ntchito mmene anazolowera. Anayambira mbali imene anachokera. Kenaka anakabisala kuseri kwa bulugama.

Woyamba anatulukira ngati mphezi, nadutsa pamasambawo osawayang'ana. Wachiwiri chimodzimodzi. Wina anachepetsako pang'ono, nayang'ana uku ndi uku, ndipo posaona khamu la anthu anakoka moto. Ambiri anali anyamata a m'tauni. Mwambowo ankaudziwa, koma ankaudziwa monga munthu amadziwira nyimbo ya mpingo wa eni. Mnyamata wogwira mbendera amene gululo linamuika patsidya anayesa kuti nthambizo n'zizindikiro za msewu. Aliyense akadutsa, a Yesaya ankamva mfundo yawo yoyamba ija ikusweka, koma sanatuluke kukachotsa masambawo. Apa m'pamene panali tchimo lenileni. Nthawi anali nayo, ndipo anali ataona kale kuti msampha wawo ukola munthu mmodzi yekha.

Anaizindikira njinga ya Leah isanaoneke. Inkalira mosalala kuposa zonse, ndipo ngakhale mtima unali m'malere, khutu lawo la udalaivala linavomereza kuti mwanayo akusintha magiya pa nthawi yake. Kenaka kulirako kunatsika, n'kuzima. Leah anaima pa mzere woyamba. Anatsika, navula chipewa chake cholimba, nachikoleka pa chiwongolero, nayamba kukankha njinga kutsika chitsetso chimene anachikonzekera kuyambira tsiku limene analembetsa.

A Yesaya anapuma. Anaganiza kuti zatha.

Koma Leah anaimanso, nabwerera m'mbuyo pang'ono, nayang'anitsitsa pansi. Matayala a anzake anali atamwaza nthambi za pakati, koma za m'mphepete zinali chiyalire, ndipo matsinde ake onse ankaloza kanjira kopita kwawo. M'mawa umenewo anasiya amayi ake akubuula. Anagwetsa njinga pakati pa msewu, nathamanga m'kanjiramo atagwira mutu.

"Amayi ine! Amayi anga ine!"

Kulira kumeneko a Yesaya anakumva pamakomo ambiri m'moyo wawo, ndipo nthawi zonse ankakhala munthu wodekha amene amadziwa chochita. Tsiku limenelo anangotsatira mwana wawo m'kanjiramo, osadziwa chochita. Pamene anafika pakhomo, anapeza Leah atagwada pansi, atakumbatira miyendo ya amayi ake, amene anali atadzuka ndipo anali kusenda nandolo pakhonde. Amayi achikulire ochepa amene sanapite kubwalo anali atafika kale, ena atayamba kulira asanadziwe wakufa. Pakati pawo panali a Magdalena.

"Wamwalira ndani?" anafunsa a Fainess. "Mwana iwe, yankhula, wamwalira ndani?"

"Pa Gwirani pali masamba. Akuloza kuno."

Palibe anafunsa kuti wayala ndani. Pa esiteti yonse woyala choncho anali mmodzi, ndipo anali ataima pamenepo, chikwanje chili m'manja, utomoni wa nthambi uli pa malaya.

"Ndiye wakufayo ndine?" anatero a Fainess motsitsa mawu. "Mwatopa nane, abambo a Leah?"

"Ayi, mayi. Ndimafuna mwanayu achepetse liwiro basi."

A Magdalena anamasula mpango umene anali atamanga kale m'chiuno, naupinda bwinobwino. "Achimwene," anatero, "masamba amene munayalira Madalo wanga ndinkati ndi ulemu. Kani ndi chida chanu chogwirira ntchito, ngati jeke ya thalakitala?" Anatembenuka n'kumapita, ndipo enawo anawatsatira.

Leah anaimirira, napukuta maso ndi mkono wa ovololo. Sanakalipe. Akanakalipa, mwina a Yesaya akanapeza poimira. Anangobwerera kumsewu, nadzutsa njinga, naikankha mpaka kudutsa mzere wachiwiri wa masamba abodzawo, ndipo atadutsa m'pamene anavala chipewa n'kuliza injini. Anakafika kubwalo anthu atayamba kale kugula chinangwa chophika.

Masana, ulendo wachiwiri usanayambe, a Yesaya anapita kubwalo. Anayamba ndi a Dan, amene anali pansi pa tenti ndi anzawo. Anavula chipewa, nafotokoza kuti kuchedwa kwa mtsikanayo kunali chifukwa cha iwo, ndipo anapempha kuti ulendo wake wa m'mawa ubwerezedwe.

"Madala, mwatiseketsa," anatero a Dan, ndipo anasekadi, mopanda nkhanza. "Enawo masambawo sanawaone? Wotchi siidziwa maliro. Tikabwereza wa achemwaliwa, aliyense abwera ndi nkhani yake."

Mnyamata wina wovala jekete yachikopa anaponyapo mawu. "Musawavutikire, bambo. Anaona chitsetso n'kukumbuka kuti ndi mzimayi. Nafenso pajapa tinapemphera."

Anzake anaseka. A Yesaya anaona pamenepo chinthu chimene sanachiganizire kuseri kwa bulugama kuja. Sanangomulanda mwana wawo nthawi. Anapatsa anthu awa nkhani yokanena kwawo, yoti mkazi anayesa, nafika pa khona, natsika njinga.

Anam'peza Leah kumapeto kwa bwalo akuwongola chogwirira buleki chimene chinapindika pogwa paja. Sanadzutse mutu.

"Ababa, dzulo ndinakufunsani funso."

A Yesaya anakhala chonjuta pambali pake, natola kamtengo, najambula khonalo pa dothi. Anamuuza kuti onse amene anawatola pansi pa mlatho anaponda buleki ali kale m'kati mwa khona. Buleki amapondera kumtunda, pa chitsa chopserera chija, njinga idakali chowongoka. Anamuuza kuti asatsate pakati pa msewu, pamene pamaoneka posalala, chifukwa chiperoni chikagwa katondo wa pamenepo amaterera ngati therere. Atsate kumanzere, m'mene matayala a ngolo yawo anapondaponda kwa zaka zonsezi mpaka miyala inatulukira. Akaona thabwa loyamba la mlatho, akoke moto, asayang'ane madzi.

Mawu onsewa sanatenge nthawi yoposa imene munthu amamwera kapu ya tiyi. Powayankhula, a Yesaya anamva kulemera kwake. Chitetezo chimene anakachifuna m'nthambi anali nacho m'kamwa dzulo lake pakhonde, ndipo anachimana mwana amene anachipempha.

"Ndamva," anatero Leah. "Pitani mukachotse zija."

A Yesaya anakachotsa, nataya nthambizo kumtsinje. Ulendo uno sanabisale. Anaima poyera pafupi ndi chitsa chopserera. Leah atatulukira, a Yesaya anamva buleki ikugwira pamalo pomwe anamuuza, naona njinga ikupendekera kumanzere mpaka bondo kutsala pang'ono kukhudza pansi. Pamenepo anatseka maso. Anangomva matabwa a mlatho akuti gudugudu, kenaka injini ikukwera phiri la kutsidya. Anthu amene anaona amati palibe anadutsa pa Gwirani choncho tsiku limenelo. A Yesaya amavomera, koma iwo sanaone.

Pa ulendo wa masana Leah anaposa amuna onse. Nthawi ziwiri zija zitaphatikizidwa, dzina lake linali pafupi ndi kumapeto. Atatu anatengedwa, mmodzi wa iwo anali wa jekete yachikopa uja. A Dan anamugwira Leah chanza namuuza kuti adzayesenso. Chaka chotsatira gululo linakachitira mpikisano wake kwina, kutali, ndipo linaitana okhawo amene linawadziwa kale.

Leah akadali pa galaja ya a Peterson. Anapeza chipinda pa boma, ndipo kumalayini amabwera Lamulungu. Amabweretsera amayi ake mankhwala, amagwada popereka madzi kwa bambo ake, amawafunsa za mwendo. Za pa Gwirani sanazitchulenso. A Yesaya akanakonda kutukwanidwa kamodzi kusiyana ndi ulemu wosasweka umenewu, umene ulibe pogwira. A Fainess anawakhululukira msanga, monga amachitira anthu amene adwala nthawi yaitali, koma akakwiya amawafunsabe ngati nthambi zawo zija anazisunga.

Mvula itayamba, mlonda wina wokalamba wa pafakitale anamwalira kumalayini a kumunsi. A Yesaya anadikira kuti wina atenge chikwanje. Palibe anatenga, ndipo palibenso anawatuma. Pomaliza anapita okha, nadula nthambi, naziyala monga mwa kale, matsinde kuloza kwa anamfedwa. Ali chiimire pamenepo, mnyamata wa kabaza anatulukira atanyamula thumba la makala, nachepetsa pang'ono osatsika.

"Madala, awa ndi enieni kapena ndi a mpikisano?"

Anadutsa asanayankhidwe.

Patapita nthawi, a Yesaya anamva injini ina kumtunda, ndipo anaizindikira. Leah anaima pa mzere wa masamba. Anayang'ana kumene matsinde ankaloza, kenaka anachita chimene sanachitepo m'moyo wake wonse pa msewu umenewo. Anayang'ana nkhope ya bambo ake.

"Ndi a ndani, ababa?"

"Alonda aja a pageti la fakitale. Atisiya m'mawa uno."

"Mwawaona ndi maso anu?"

"Ndawaona. Ndawatseka maso ndine."

Leah anagwedeza mutu. Anatsika, navula chipewa, nachikoleka pa chiwongolero, nayamba kukankha. Msewu unali wamatope ndipo njingayo inali yolemera. A Yesaya anatambasula dzanja kuti agwire kumbuyo amuthandize, koma Leah anali atapita kale patsogolo pang'ono, ndipo dzanjalo linagwira mphepo. Anamutsatira pambuyo, pa liwiro lawo la masiku onse, mpaka pa mzere wachiwiri.